Chikalata cha a Fomu 4 chomwe a Fomu 1 ayenera kuwerenga

Chaka chilichonse bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri timangoti NCHE, limatulutsa chikalata choitana omwe analemba MSCE kuti apemphe malo m'mayunivesite a boma. Ndi chikalata chachitali, cha zilembo zing'onozing'ono, chodzaza ndi mayina a mapulogalamu komanso maphunziro omwe pulogalamu iliyonse ikufuna. Chikangotuluka anthu amatumizirana pa WhatsApp. Koma omwe amachiwerenga ndi aja atsiriza Fomu 4, zotsatira zili kale m'manja. Pamenepo chikalatacho chimangokuuza ngati ukuyenera kapena ayi, palibenso choti ungasinthe.

Ine ndimaphunzitsa Physics, ndipo maganizo anga ndi akuti woyenera kuwerenga chikalatachi ndi wa Fomu 1, uja yunifolomu yake idakali yonunkha kwa telala. Iyeyu ndiye ali ndi zaka zinayi zoti achitepo kanthu pa zomwe wawerengazo.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza: "Aphunzitsi, tangofika kumene, sitinadziwe n'komwe kuli laibulale, inu mukuyamba za yunivesite?" Eya, ndikuyamba. Sindikuti musankhe ntchito ya moyo wanu wonse lero, ayi. Ndikungofuna mudziwe mmene kasankhidwe kamayendera, chifukwa zina mwa zinthu zomwe zidzakutsekulireni kapena kukutsekerani khomo zichitika m'zaka ziwiri zikubwerazi, nthawi zambiri inu osazindikira.

Mayunivesite a boma alipo 6. University of Malawi ili ku Zomba, pomwe makolo anu amapadziwa kuti Chancellor College kapena Chanco. MUBAS ili ku Blantyre, kale inali Polytechnic. KUHeS inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Zitatuzi zinali yunivesite imodzi mpaka mu 2021 pomwe zinapatukana. Kenako pali LUANAR yomwe likulu lake lili ku Bunda ku Lilongwe, Mzuzu University kumpoto, ndi MUST ku Thyolo, yomwe inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Wotsiriza Fomu 4 amapempha malo kudzera mu njira imodzi ya NCHE ija, n'kuika mapulogalamu angapo motsatana kuyambira yomwe akuifunitsitsa. Oyenerera amachuluka kuposa malo chaka ndi chaka, ndiye pamakhala mpikisano.

Mapointi amanamiza

Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndiye kulephera. Mapointi aja timamva pa wailesi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 omwe wachita bwino, Chingerezi chili momwemo. N'chifukwa chake mapointi 6 ndiwo mapeto a kukhoza: ma 1 okhaokha. Kuti uganiziridwe n'komwe ku yunivesite ya boma pamafunika ma credit 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi.

Zotsatira zikatuluka, funso la kunyumba limakhala limodzi: "Wapeza mapointi angati?" Agogo, amalume, a neba, onse funso lomwelo. Koma taonani ophunzira awiri awa, omwe ndangowapeka kuti tione masamu ake.

Woyamba wapeza 2 pa Chingerezi, 1 pa Chichewa, 2 pa Geography, 2 pa History, 1 pa Bible Knowledge ndi 2 pa Agriculture. Kuphatikiza, mapointi 10. Masamu wapeza 7, ndipo Physics ndi Chemistry anazisiya polowa Fomu 3. Wachiwiri wapeza 4 pa Chingerezi, 2 pa Masamu, 2 pa Physics, 3 pa Chemistry, 3 pa Biology ndi 4 pa Geography. Kuphatikiza, mapointi 18.

Kumudzi nkhuku iphedwera woyambayo, ndipo nzoyenera, wakhozadi. Koma ngati onse awiri ankalota zodzakhala injiniya womanga milatho, woyambayo sangalembe n'komwe pulogalamuyo pa fomu. Mapulogalamu a engineering amafuna Masamu ndi maphunziro a sayansi monga Physics ndi Chemistry, ndipo mapointi 10 sangalowe m'malo mwa phunziro lomwe sunalembe. Wachiwiriyo, ndi 18 wakeyo, ali mu mpikisano. Sindikuti watengedwa kale, koma dzina lake liwerengedwa. Chimodzimodzi udokotala ku KUHeS: kumeneko amayang'ana Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Distinction ya History ndi chinthu chonyaditsa, koma sigwira ntchito pamzere umenewo.

Ndiye mukapeza chikalata cha NCHE cha chaka chatha, musayang'ane dzina la pulogalamu lokha. Werengani mzere wa pambali pake, pomwe alemba maphunziro ofunika ndi magiredi ake. Zofunikazi zimatha kusintha, choncho muzichiyang'ananso chaka chilichonse.

Kuwerenga chobwerera m'mbuyo

Mu Physics muli mafunso ena omwe amakupatsa mathero n'kukufunsa chiyambi. Galimoto yamanga mabuleki n'kuima patatha mamita akutiakuti, kodi inali pa liwiro lanji? Umayamba ndi zomwe ukudziwa kumapeto, n'kumabwerera. Tiyeni tichite chomwecho.

Kuti upemphe engineering kapena udokotala, uyenera kulemba Physics ndi Chemistry pa MSCE. Kuti uzilembe, uyenera kuzitenga polowa Fomu 3, chifukwa m'pomwe masukulu ambiri amagawa ophunzira, ena mbali ya sayansi, ena mbali ya maphunziro ena. Pogawapo aphunzitsi amayang'ana mmene unachitira ku Fomu 2 ndi pa JCE, makamaka Masamu ndi sayansi. Ndipo zomwe zimabwera pa JCE zinayamba kuphunzitsidwa teremu yoyamba ya Fomu 1. Mwaona pomwe tafika? Pa desiki yomwe mwakhalapo panopa.

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa m'pomwe ndimaona ophunzira ambiri akugwa. Akamati "Physics ndi yovuta", kawirikawiri chovutacho si Physics. Ndi Masamu a Fomu 1 omwe anawalumpha.

Tengani lamulo la Ohm, lomwe mudzakumana nalo pophunzira za magetsi: V = IR. Wophunzira amaliloweza bwinobwino, amathanso kufotokoza kuti V ndi voltage, I ndi current, R ndi resistance. Funso likuti voltage ndi 12, current ndi 0.5, pezani resistance. Apa pali misampha iwiri, ndipo palibe ndi umodzi womwe wa Physics. Woyamba ndi kutembenuza fomula kuti R atsale yekha, R = V ÷ I. Ena amachulukitsa m'malo mogawa, ena amatembenuza n'kulemba I ÷ V. Wachiwiri ndi kugawa 12 ndi 0.5. Ndikafunsa m'kalasi popanda kakyuleta, manja ambiri amakwera ndi yankho la 6. Yankho ndi 24. Muli ndi mabanzi 12, lililonse mwalidula pakati, zidutswa zilipo zingati? Kugawa ndi theka n'kufunsa kuti matheka alimo angati. Wolemba 6 uja amaluza mamalikisi pa pepala la Physics, n'kupita kunyumba akunena kuti Physics inamukana.

China ndi miyeso. Aliyense amadziwa kuti mita imodzi ili ndi masentimita 100. Ndiye akafunsidwa kuti 1 m² ndi ma cm² angati, amati 100. Jambulani bwalo la makona anayi, mbali iliyonse mita imodzi. M'litali masentimita 100, m'lifupi masentimita 100, kuchulukitsa ndi 10,000. Ikakhala 1 m³ ndiye 100 × 100 × 100, yomwe ndi 1,000,000. Funso la density kapena la pressure lingathe kukhala lophweka, koma ukaphonya apa yankho lako limasiyana ndi loona ka 100 kapena ka 10,000.

Kuwonjezera apo pali ma fraction, manambala a negative, ratio, ndi kujambula graph: kusankha sikelo yabwino, kulemba mayina a mizere, kupeza gradient. Chemistry imadalira ratio pa nkhani ya ma mole. Biology ndi Geography zili ndi ma graph awo. Ngakhale amene akufuna Accountancy ku MUBAS kapena Economics ku Zomba sangawathawe Masamu. Mwa maphunziro onse a ku sekondale, Masamu ndi omwe amatseka makomo ambiri ukawataya, komanso ndi ovuta kuwatola mochedwa chifukwa mutu uliwonse umakwera pamsana pa unzake. History ukaphonya mutu umodzi ungathe kumvabe wotsatira. Algebra sichoncho.

Choncho ngati muli Fomu 1 ndipo pali mutu wa Masamu womwe sunamveke, musadikire kuti udzamveka wokha. Pitani kwa aphunzitsi nthawi yopuma ndi funso lenileni, kope lili m'manja: "Aphunzitsi, apa ndafika, koma mzere uwu sindikuona mmene wachokera pa uwu." Mphunzitsi aliyense amathandiza msanga wobwera chonchi kusiyana ndi wongoti "sindikumva chilichonse". Mukachita manyazi, funsani wa Fomu 3 kapena mnzanu amene wamva. Kufotokozera mnzake kumamuthandizanso iyeyo, ndiye musaone ngati mukumuvutitsa.

Thabwa ndi diramu

Munaonapo anthu akukweza diramu yodzaza mu lole? Sainyamula. Amatsamiritsa thabwa n'kuigubuduza. Tiyerekeze kuti diramuyo ndi ya makilogalamu 100 ndipo lole ndi yotalika mita imodzi kuchokera pansi. Kuinyamula molunjika kukufunika mphamvu ya ma newton pafupifupi 1,000. Pa thabwa la mamita 4, tikaiwala kaye za kukhulana kwa diramu ndi thabwalo, pakufunika ma newton 250 okha. Ntchito yonse ndi imodzimodzi, ma joule 1,000, kungoti mwaimwaza pa mtunda wautali. Thabwa silichepetsa ntchito. Limachepetsa mphamvu yomwe ikufunika pa nthawi imodzi, kufikira poti munthu wamba angakwanitse.

Tsopano tiwerengere nthawi. Tingoyerekeza kuti chaka cha sukulu chili ndi masabata 36, ndipo mukupatula mphindi 30 patsiku, masiku 5 pa sabata, kubwereza Masamu. Pa sabata ndi maola awiri ndi theka, pa chaka maola 90. Kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 3 ndi maola 270. Mnzanu amene akufuna kupeza maola omwewo m'masiku 30 omaliza MSCE isanayambe ayenera kukhala pa Masamu okhaokha maola 9 tsiku lililonse, maphunziro ena onse ali pambali. Ameneyo ndiye mumamuona usiku ataviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asagone.

Koma fanizo la thabwali lili ndi polekezera, ndipo polekezerapo m'pokomera inu. Pa diramu ntchito imafanana kaya mwanyamula kaya mwagubuduza. Pa ubongo sizifanana: maola 270 omwazika amapindula kuposa maola 270 opanikiza.

Munthu woyamba kuyeza zimenezi mwa sayansi anali Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, yemwe anafalitsa zotsatira zake mu 1885. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, kenako n'kumadziyesa patapita mphindi, maola ndi masiku kuti aone zomwe zatsala m'mutu. Anapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kumayenda pang'onopang'ono. Anapezanso kuti kuphunziranso chinthu chomwe unachiphunzirapo kumatenga nthawi yochepa kuposa poyamba, ndipo kubwereza kotalikirana masiku kumagwira bwino kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: zomwe mwaphunzira lero muzionenso madzulo ano kapena mawa, kenako sabata yamawa, kenako mwezi wamawa. Nthawi iliyonse zimatenga mphindi zochepa kuposa yapitayo.

Ndipo "kuonanso" sikutanthauza kuyendetsa maso pa notsi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anaziwerenga mobwereza, ena anawerenga kenako n'kuyesa kulemba zomwe akukumbukira osayang'ana. Atayesedwa patangopita mphindi 5, owerenga mobwereza aja anachita bwino. Atayesedwa patatha sabata, odziyesa aja ndiwo anapambana. Mwamva pomwe pali msampha? Kuwerenga mobwereza kumakupatsa mtima woti wadziwa, chifukwa mawuwo akuoneka odziwika, koma MSCE sibwera patatha mphindi 5. Tsekani kope, tengani pepala, lembani zomwe mukukumbukira, kenako tsekulani muone zomwe zasowa. Pa Masamu ndi Physics, phimbani yankho la chitsanzo n'kuchisova nokha. Zimawawa kuposa kuwerenga, n'chifukwa chake ambiri sachita.

Chingerezi

Mwina mukudabwa kuti mphunzitsi wa Physics akulimbikitsa Chingerezi. Chifukwa choyamba n'chodziwika: ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ndipo popanda credit yake yunivesite ya boma palibe, ngakhale utakhala ndi ma 1 pa sayansi yonse. Chachiwiri n'chakuti mapepala a sayansi amafunsidwa m'Chingerezi. Funso loyamba ndi "state" likufuna chiganizo chimodzi. "Describe" likufuna unene zomwe zimachitika. "Explain" likufuna unene chifukwa chake. Ndimachonga mayankho ambiri omwe sayansi yake ndi yoona koma ayankha funso lomwe silinafunsidwe. Mankhwala ake ndi kuwerenga, chilichonse chomwe chapezeka: buku la nthano, nyuzipepala yakale, ngakhale ija akulungira zitumbuwa ngati mafuta sanafufute zilembo. Mawu achilendo muziwalemba kumapeto kwa kope.

"Nanga ngati sindikudziwa chomwe ndikufuna?"

Palibe vuto. Wa zaka 13 kapena 14 amene sakudziwa ali bwino kuposa amene wakakamira chinthu chomwe sakuchimvetsa. Ndikafunsa a Fomu 1 zomwe akufuna kudzakhala, mayankho amazungulira pa dokotala, namwino, loya, injiniya, woyendetsa ndege ndi msilikali. Si kuti ntchito zilipo zokhazi, koma kuti ndi zomwe anaziona. Chikalata chija chimakutsekulani maso. Ku MUST kuli Meteorology and Climate Science, ya anthu olosera nyengo, komanso Biomedical Engineering, ya okonza ndi kupanga makina a m'zipatala. Ku Mzuzu University kuli Optometry, ya oyeza maso, komanso maphunziro a nkhalango ndi a mphamvu zochokera ku dzuwa ndi mphepo. Ku LUANAR kuli udokotala wa ziweto, engineering ya ulimi wothirira ndi ulimi wa nsomba. Ku MUBAS kuli Architecture, Quantity Surveying ndi Journalism. Ku KUHeS, kupatula udokotala ndi unamwino, kuli Pharmacy, Physiotherapy ndi udokotala wa mano. Ophunzira ambiri amamva mayinawa koyamba tsiku lolemba fomu, n'kusankha mongolota.

Sankhani mapulogalamu atatu omwe akukukokani, osafanana, mulembe kumapeto kwa kope maphunziro omwe iliyonse ikufuna. Muona kuti maphunziro ena akubwera paliponse. Amenewo ndiwo osataya. Kenako fufuzani anthu omwe akugwira ntchitozo. Mukapita kuchipatala ndi mng'ono wanu, funsani mwaulemu amene akupereka mankhwala kuti anaphunzira chiyani ndipo kuti. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, wokonza magetsi, wophunzira wa ku yunivesite amene wabwera ku holide, onsewa ambiri amasangalala kufunsidwa.

Ndisanamizire kuti aliyense atenge sayansi. Dziko likufuna aphunzitsi a zilankhulo, atolankhani, akatswiri a mbiri ndi a malamulo, ndipo amene mtima wake uli kumeneko apite ndi mphamvu zake zonse. Chomwe ndimadana nacho ndi kusiya Physics chifukwa wa Fomu 4 wina wakuopseza, kapena chifukwa anzako onse apita mbali inayo, kapena chifukwa wina wanena kuti si ya atsikana. Atsikana, zimenezo ndi nkhambakamwa, ndipo m'makalasi omwe ndaphunzitsa sindinaonepo umboni wake. Ukasiya phunziro, usiye ukudziwa makomo omwe ukutseka. Kwa ofuna za malamulo, dziwaninso kuti kwa zaka zambiri Law ku Zomba yakhala ikutenga anthu omwe ayamba aphunzirako zina pamwamba pa MSCE.

Komanso digiri si njira yokhayo. Pali makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA monga Soche, Lilongwe, Salima ndi Nasawa, komwe kumachokera amagetsi, amakaniko ndi omanga. Pali Malawi College of Health Sciences, pali Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa ku sekondale. Kumenekonso Masamu, Chingerezi ndi sayansi zimafunsidwa, ndiye zomwe takambazi sizipita pachabe. Ikakhala koleji kapena yunivesite yomwe si ya boma, makolo asanalipire kalikonse onani ngati sukuluyo ndi pulogalamuyo zili pa mndandanda wa zovomerezeka ndi NCHE.

Ndalama ndi mapepala

Pa ndalama, pali bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lomwe limabwereketsa ophunzira osowa omwe apeza malo. Ndi ngongole, imabwezedwa ukatsiriza, ndipo si aliyense wopempha amene amalandira. Nkhaniyi muyambe kukambirana ndi makolo kapena okuyang'anirani pano, modekha, osati sabata yonyamuka. Pa mapepala, onetsetsani kuti dzina lanu ndi tsiku lobadwa zalembedwa mofanana paliponse: m'kaundula wa sukulu, polembetsa mayeso a MANEB, ndi pa chiphaso cha unzika chomwe mudzatenge mukakwana zaka 16. Ngati kwina ndinu Chikondi, kwina Chikondie, kapena kwina mwalemba dzina la bambo kwina la agogo, zidzakuyendetsani m'maofesi nthawi yomwe anzanu akulongedza zikwama. Aphunzitsi akabweretsa pepala loti mutsimikize mayina, werengani chilembo chilichonse musanasaine.

Kwa a ku CDSS komwe kulibe labotale

Apa pali vuto lenileni ndipo sindilichepetsa. Masukulu ena alibe labotale, ena alibe mphunzitsi wa Physics kapena Chemistry, pomwe MSCE ili ndi pepala la practical. Chinthu choyamba ndi kudziwa msanga. Funsani ahedi kapena mkulu wa sayansi pa sukulu panu chaka chino kuti ndi maphunziro ati omwe a Fomu 4 amalemba. Ngati lomwe mukulifuna palibe, muli ndi zaka ziwiri zokambirana ndi makolo ndi aphunzitsi zomwe zingatheke. Wodziwa ali Fomu 3 alibe nthawi imeneyo.

Chachiwiri, sayansi yambiri siyembekeza labotale. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi, n'kumakabwereka mabuku a sayansi pa kalaibulale ka m'dera lawo, mpaka anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zinthu zotola. Mbali yomwe anthu amaiiwala pa nkhani yake ndi yakuti mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi, ndipo anatsiriza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014.

Nayi practical yomwe mungachite Loweruka lino. Pezani ulusi, kamwala kapena nati yachitsulo, rula kapena tepi ya atelala, ndi wotchi kapena foni yobwereka. Mangani kamwalako ku ulusi, mbali inayo mumange pa nthambi kapena pa phaso, pamalo opanda mphepo. Kuchokera pomangapo kufika pakati pa kamwalako pakhale mita imodzi ndendende. Kokerani kamwalako pambali pang'ono, ngati masentimita 10, n'kukasiya osakankha. Kupita ndi kubwerera ndiye ulendo umodzi. Yezani nthawi ya maulendo 20, kenako gawani ndi 20 kuti mupeze nthawi ya ulendo umodzi, yomwe timaitcha T. Timayeza 20 osati umodzi chifukwa chala chanu chimachedwa pang'ono podina wotchi, ndipo kuchedwako kukagawidwa ndi 20 kumachepa. Bwerezani katatu, mutenge avereji, zonse muzilembe mu tebulo.

Mupeza kuti maulendo 20 atenga masekondi pafupifupi 40, ndiye T ndi pafupifupi masekondi 2. Tsopano fomula yake ndi g = 4π²L ÷ T², pomwe L ndi kutalika kwa ulusi m'mamita ndipo 4π² ndi pafupifupi 39.5. Ndiye 39.5 × 1 ÷ 4, yankho ndi pafupifupi 9.9. Mabuku amati g ndi 9.8 m/s², kutanthauza kuti chinthu chikamagwa liwiro lake limakwera ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Mwayeza kukoka kwa dziko lapansi muli pansi pa mtengo wa mango.

Mukatero sinthani chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse. Ikani mwala wolemera kawiri, ulusi womwewo: T sasintha kwenikweni, zomwe zimadabwitsa ambiri. Fupikitsani ulusi ufike masentimita 25: T atsika kufika pa sekondi imodzi, theka la poyamba, ngakhale ulusi mwaufupikitsa kanayi. Ganizirani chifukwa chake poyang'ana T² mu fomula ija. Yesaninso masentimita 50 ndi 75, mujambule graph ya T² ndi L, muone ngati madontho akupanga mzere wowongoka.

Mukapeza g wa pakati pa 9 ndi 10.5, mwayeza bwino. Mukapeza 39, musathamangire kukauza anthu kuti kwanu dziko limakoka kwambiri. Mwawerenga kupita kokha ngati ulendo wathunthu, bwererani mukawerengenso. Mukapeza manambala a m'mahandiredi, mwaika 100 pa L m'malo mwa 1, masentimita aja mwaiwala kuwasandutsa mamita.